Digiri Yanga Inachedwa ndi Chaka

Zaka zoyambirira za matipate

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kokwanira kwa agogo anu, ndiye ine ndiyambira pa ntchito. Ntchito yanga yoyamba, yomwenso inadzakhala yomaliza, ndinaipeza pamwamba pa phiri la Zomba, pa kampani ina yodzala mitengo ya paini ndi kucheka matabwa. Anandilemba utaipisiti dziko litangolowa kumene m'matipate. Nthawiyo iwe Madalitso unali utayamba sukulu, Tiyamike ali kumsana, ndipo bambo anu ankaphunzitsa pa pulayimale ku Matawale komwe tinkachita lendi. Ofesi yathu inali kanyumba ka njerwa pakati pa mitengo, kozizira moti m'miyezi ya chiperoni ndinkayamba ndaotha zala pa mbaula ndisanakhudze taipilaita. Nkhungu ikatsika, macheka ankangomveka kulira koma owagwira osaoneka.

Kukwera phiri tinkadalira lole ya kampani. Woyendetsa wake anali a Jafali, Myao wa ku Chikanda, munthu wosachulutsa mawu, amene nthawi ya swala, pemphero la Chisilamu, ikakwana ankaimika lole pambali ngakhale atanyamula bwana. Amuna ankakwera kumbuyo, koma ine ankandisungira malo kutsogolo poti pa kampani yonse mkazi ndinali ndekha. Masiku oyambirira ndinkatsinzina tikafika pa makona a msewu wa kuphiri. Iwo ankangomwetulira n'kundiuza kuti msewuwo amaudziwa kuposa khonde la nyumba yawo.

Bwana wanga woyamba anali a Kambalame, munthu wamkulu wokulira m'nthawi ya chipani chimodzi, woti jekete sankavula ngakhale mu Okutobala. Anali wachilungamo ndi wosamala antchito, koma atolankhani ankawaopa ngati njoka. Tsono zaka zimenezo nyuzipepala zinkamera ngati bowa, ndipo aliyense wokhala ndi cholembera ankafuna kudziwa chifukwa chake mitengo ikutha paphiri. Foni ikalira, a Kambalame ankandikodola ndi dzanja kuti ndinene kuti atuluka. Tsiku lina mtolankhani wina anachita kukwera phiri yekha. Ine ndili mkati momuuza kuti bwana apita ku Blantyre, iye anali akuyang'ana pa windo pomwe nsapato za bwanayo zinkaonekera kuseri kwa kabati. Anandifunsa mwaulemu ngati bwana anapita ku Blantyre opanda nsapato. Kuyambira tsiku limenelo ndinawapempha a Kambalame kuti azindiuza zoti ndinene m'malo moti ndizinama, ndipo anavomera ndi mtima wonse. Umu ndi mmene ndinayambira kulankhulira kampani, popanda kalata yondikweza, popandanso amene anandiphunzitsa.

Nthawi ya a Matewere

A Kambalame atapuma, kunabwera a Matewere, wachinyamata wophunzira bwino, wofulumira pa chilichonse. Iwowa ndi amene anandichotsa pa taipilaita n'kundipatsa dzina loti mneneri wa kampani. Ntchito yanga yambiri sinali ya pa wailesi ayi. Inali yotsika kumidzi ya m'tsinde mwa phiri kukakambirana ndi anthu za moto wolusa, za amayi otola nkhuni, ndi za madzi a m'mitsinje omwe ankati akuchepa chifukwa cha ife. Ndinatukwanidwapo, ndinapatsidwaponso mbatata ndi nthochi ndi anthu omwewo. Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa, lole yathu inkagona pa mzere ku filing'i siteshoni, a Jafali ali momwemo, ife n'kumakwera phiri wapansi kudzera njira yachidule. Magetsi akazima macheka ankaima, antchito n'kubwera kwa ine kudzafunsa ngati ntchito ikutha. Ndinkawayankha zomwe ndikudziwa, ndipo zomwe sindikudziwa ndinkati sindikudziwa.

Komabe mumtima ndinkadzikayikira. Ndinkagwira ntchito ngati munthu wophika wosalawa. Chimene chinandikankha ndi pulogalamu ina ya pa wailesi yomwe anandiitana kukayankha za moto umene unawononga mbali ina ya nkhalango. Wofunsa anandizunguza, ine n'kuyamba kulongosola mbiri ya kampani kuyambira pa chiyambi mpaka nthawi inatha funso ndisanaliyankhe. Nditafika kunyumba ndinapeza iwe Tiyamike ukundiyeserera pamaso pa anzako, ndipo ngakhale ndinaseka nawo, zinandilowa. Bambo anu ndi amene anabwera ndi nkhani yoti yunivesite ina ya mpingo yayamba kuphunzitsa m'tauni muno Lachisanu madzulo ndi Loweruka, ndipo pakati pa maphunzirowo pali a kufalitsa uthenga mwadongosolo ndi kusunga ubale wa bungwe ndi anthu. Ndinawauza kuti ndakalamba. Iwo anati mwana womaliza watsala pang'ono kuchoka pakhomo, ndiye ndizitani Loweruka lonse kupatula kuwalongolola iwowo.

Zaka za m'kalasi

Ndinalowa m'kalasi imvi zitayamba kale. Anzanga ambiri anali a msinkhu wanu, ena ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe, ena ongochoka kumene ku sekondale, ndipo onse ankanditcha amayi. Tinkaphunzirira m'holo ya tchalitchi, pa mabenchi olimba, ndipo phunziro lililonse linkayamba ndi pemphero. Kompyuta inandivuta chaka chonse choyamba. Zala zozolowera taipilaita zinkamenya mabatani mwamphamvu moti oyandikana nane ankasuntha. Koma pa nkhani ya kulankhula ndi anthu okwiya, ana aja ankatembenukira kwa ine.

Mphunzitsi amene sindidzamuiwala ndi abusa a Mangani. Asanalowe ubusa anali mtolankhani wa pa wailesi, ndipo ankadziwa misampha yonse ya ofunsa mafunso. Tsiku loyamba anatifunsa kuti ndani mwa ife akufuna kudzakhala mneneri, ndipo titakweza manja anatikumbutsa kuti m'Baibulo aneneri alipo a mitundu iwiri, oona ndi onyenga, ndipo onyengawo ndi amene ankadya bwino kunyumba ya mfumu. Kwa iwo ndinaphunzira kuti usanatsegule pakamwa uyambe wadziwa amene ukulankhula naye ndi chimene ukufuna kuti achite akamva. Ndinaphunzira kuyankha funso m'mawu ochepa n'kukhala chete. Ndinaphunziranso kuti pakagwa tsoka pali ndondomeko ya omva uthenga: oyamba ndi eni tsokalo, kenako antchito anzawo, atolankhani pambuyo. Zambiri mwa izi ndinali nditazichitapo mosadziwa, koma kuzimva zikutchulidwa mayina kunandikhazika mtima pansi. Zaka zimenezo ndinali wosangalala kwambiri. Loweruka tikaweruka ndinkagula mondokwa pa depoti n'kumadya m'minibasi ngati mtsikana wa sukulu.

Phunziro la kulankhula pa nthawi ya ngozi linali la chaka chomaliza, ndipo linkaphunzitsidwa kamodzi pa chaka. Mayeso ake ndi amene anali omaliza pa digiri yanga yonse.

Loweruka la mayeso omaliza

M'mawa umenewo kunacha ndi kamvula kowaza, phiri lonse litabisika mu nkhungu. Ndinafika msanga pa holo, ndipo tinali titaima pakhomo kudikira kuti tisiye mafoni pa tebulo pamene yanga inalira. Anali kapitawo wa kumacheka. Anandiuza kuti lole yodzaza matabwa yalephera kukhota pa kona ina potsika phiri ndipo yagwera kumunsi. Wothandizira anadumpha ndipo wangothyoka mkono, koma a Jafali awatulutsa asakupuma, ndipo anthu awatengera kuchipatala chachikulu. Anawonjezera kuti pamalopo padzaza anthu ndipo ambiri akujambula ndi mafoni.

Ndinaimbira a Matewere, omwe anali ku Lilongwe ku msonkhano. Anali atamva kale. Anandiuza kuti pasapezeke wolankhula kanthu kufikira iwo atabwera Lolemba ndi kuonana ndi maloya, ndipo poti ankadziwa za mayeso anga, anati ndilowe ndikalembe ndi mtima umodzi. Sanalankhule mwankhanza ayi. Ankaganiza kuti akundichitira chifundo.

Ndinaima pakhonde paja foni ili m'manja. Palibe amene ankandituma kulikonse, ndipo ndikanalowa m'holo palibe akanandinena. Koma ndinkadziwa kuti lole ija inalembedwa dzina la kampani m'mbali, ndipo ku Chikanda aliyense ankadziwa woiyendetsa. Ndinkadziwanso kuti akazi awo, mayi Asiyatu, Loweruka amakhala pakhomo, ndipo kuti anzathu a Chisilamu sagoneka maliro masiku ambiri monga ife. Zodikira Lolemba sizikanatheka. Ndinapita kwa abusa a Mangani, omwe anali akutsegula envulopu ya mapepala, n'kuwafotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Amayi, sindikunamizani. Lamulo limalola kulemba mayeso apadera ngati mwadwala kapena wamwalira ndi wachibale wanu weniweni. Mnzanu wa kuntchito sali m'gulu limenelo. Mukachoka pano, mudzabwereza phunziroli chaka chamawa."

Ndinawafunsa kuti iwo akanatani. Anati funso limenelo sangandiyankhire, koma chimene ndingasankhe adzandipempherera. Anzanga anali atayamba kulowa. Mmodzi anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti mayeso ndi maola ochepa chabe, womwalira wamwalira kale, ndikapitabe masana. Mawuwo anali anzeru ndithu. Koma ndinaganiza za mayi uja akuona mwamuna wake pa foni ya mwana wa neba. Ndinabweza cholembera m'chikwama n'kuitana kabaza.

Ndinayambira kuchipatala, chifukwa sindikanakanena za imfa ya munthu pongomva pa foni. Anandilola kulowa, ndipo a Jafali ndinawaona. Kuchoka apo ndinapita kumsika komwe mkulu wawo, a Twaibu, ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Atamva anachotsa phazi pa makina, anavundikira nsalu yomwe ankasoka, n'kunyamuka nane. Titalowa m'Chikanda tinatenga mayi wina wachikulire woyandikana nyumba ndi a Jafali. Pa kagolosale kena ka m'njira tinadutsa anyamata ataunjikana pa foni imodzi, ndipo atationa anaibisa foniyo. Apo ndinadziwa kuti uthenga uli pambuyo pathu penipeni.

Mayi Asiyatu tinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Atandiona anasangalala, anapukuta manja pa chitenje n'kuthamangira mpando. Ine mpandowo sindinaulandire, ndinakhala pansi pakhonde. Anayang'ana ine, anayang'ana alamu awo omwe anasiya makina Loweruka m'mawa, ndipo kumwetulira kunatha. Nawonso anakhala pansi.

"Mayi, ndachokera kuchipatala," ndinatero. "Lole yagwa potsika phiri. A Jafali atisiya."

Mayi Asiyatu anandiyang'ana n'kufunsa:

"Mwawaona ndi maso anu?"

"Ndawaona."

"Ndiye ndi zoona," anatero motsitsa, ndipo mayi wachikulire uja anawagwira asanagwe.

Za kulira sindilemba, mukukudziwa. Ndinakhala nawo mpaka abale atasonkhana, kenako ndinabwerera kuchipatala ndi a Twaibu kukathandiza za apolisi ndi za mapepala. Ndinaimbira kapitawo kuti asonkhanitse antchito awauze bwinobwino, atumize galimoto yaing'ono yonyamula thupi, nkhuni za pamaliro, ndi matabwa otchingira m'manda monga mwa mwambo wawo. Pa geti la chipatala ndinapeza atolankhani akundidikira. Ndinawauza kuti ngozi yachitikadi, kuti tataya dalaivala wathu amene anatumikira kampani zaka zambiri, kuti banja lake lamva ndipo tili nalo limodzi, ndi kuti chimene chachititsa sitinachidziwe. Wina anafunsa ngati dalaivalayo ankathamanga. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinena za munthu amene sangadziyankhire. Ndinathera pomwepo. A Jafali anaikidwa mawa lake itatha swala ya masana. Ife amayi tinatsala pakhomo, amuna atanyamula maliro.

Lolemba a Matewere anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. Anali atandimva pa wailesi ali m'galimoto. Anandifunsa kuti mphamvu zolankhula ndi zotulutsa katundu wa kampani ndinazitenga kuti iwo atanena kuti tidikire. Ndinawafotokozera zonse monga zinayendera, osadzikometsa, ndipo ndinati ngati pali chilango ndichilandira. Kenako anafunsa mmene mayeso anayendera. Nditawauza kuti sindinalembe, anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba. Chilango sanandipatse, koma kwa milungu ingapo tinkangopatsana moni wouma. Oyeza galimoto atapeza kuti vuto linali la mabuleki, kampani inavomera ndipo inachitira banjalo zoyenera. Pa sadaka ya masiku makumi anayi a Matewere anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chikanda, ndipo anakhala pa mphasa pakati pa amuna, atavula nsapato.

Kunyumba nkhani inali ina. Bambo anu anali atalengeza kale kutchalitchi ndi kwa abale awo onse ku Phalombe kuti mkazi wawo avala gauni chaka chimenecho, ndipo suti yawo inali itapita kale kochapitsa. Ndinkaopa kuwauza. Atamva anapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo pobwera anati, "Suti siwola, mayi a Mada." Tsiku limene anzanga ankalandira madigiri ndinalira ndithu, sindibisa. Ananditumizira zithunzi zambiri, ndipo ndinaziona zonse.

Chaka chobwereza ndi kupuma ntchito

Chaka chotsatira ndinabwerera pa benchi lomwe lija, pakati pa nkhope zachilendo. Abusa a Mangani anandipempha ngati angagwiritse ntchito nkhani yanga pophunzitsa, atasintha mayina ndi malo, ndipo ndinavomera. Choncho tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumamva ana akundiweruza osadziwa kuti woweruzidwayo ali pomwepo. Ena ankati mneneriyo anachita bwino. Koma mtsikana wina wochenjera, dzina lake Yankho, anaimirira n'kunena kuti kampaniyo inapulumuka mwamwayi chabe. Anati bungwe silingadalire mtima wabwino wa munthu mmodzi, chifukwa tsiku lina munthuyo adzakhala atadwala kapena foni yake itazima. Chofunika, anatero, n'kugwirizana kukadali bata kuti tsoka likagwa apite ndani, alankhule ndani, ndipo aloledwe kuchita chiyani. Ndinamuombera m'manja ndekha mpaka kalasi yonse inatembenuka. Abusa anaseka, ndipo poona kuti chinsinsi chaululika, anandilola kuti ndidziulule.

Mawu a Yankho ndinawatengera kuphiri. Ine ndi a Matewere tinakhala pansi ndi akapitawo n'kukonza dongosolo limenelo, ndipo imeneyo inali ntchito yanga yaikulu yomaliza pa kampani. Mayeso ndinalemba ndipo ndinakhoza, osati mopambana ena onse, koma mokwanira. Gauni ndinavala kutatsala miyezi yochepa kuti ndipume. Inu nonse munalipo, bambo anu ali mu suti yawo yomwe inali itayamba kuwathina pamimba, ndipo abale a ku Phalombe anadzaza minibasi yathunthu. Anthu ena amandimvera chisoni kuti digiri ndinaigwiritsa ntchito nthawi yochepa. Ine sindiona choncho. Zaka zonse zimene ndinkaphunzira ndinkaigwiritsa ntchito Lolemba lililonse, pepala lokha ndi limene linachedwa.

Pano ndili pakhomo pathu ku Matawale, m'nyumba yathuyathu. Ndimaweta nkhuku, ndimathandiza kutchalitchi kukonza zolengeza kuti zisamatalike, ndipo kukacha bwino phiri ndimaliona ndili pakhonde. Mayi Asiyatu timaonana kumsika, ndipo nthawi ya Idi satiiwala ndi mpunga. Yankho anapeza ntchito ya uneneri pa kampani ina ya mabasi ku Blantyre. Mwezi wathawu anandiimbira m'mawa ndikuthirira masamba. Anati kondakitala wawo wamwalira pa ngozi, dongosolo lonse alitsata, mabwana amulola, ndipo iye waima pa mpanda wa nyumba ya malemuyo limodzi ndi amalume a mkazi wake, koma mawu onse amuthawa. Ndinamuuza kuti asafune mawu okoma, anene dzina la munthuyo ndi chimene chachitika, ndipo akatero asafulumire kunyamuka. Ndinatseka mpopi n'kukhala pakhonde kudikira, foni ili pamwendo.

Inalira dzuwa litakwera.

"Ndatuluka, amayi. Tsopano atolankhani akundidikira ku ofesi."

"Wadya kanthu?"

Anati ayi.

"Uyambe wadya, mwanawe. Iwo adikira."